Matabwa Sikisi a Achimwene Ake a Debora

Mukafika pakhoti la kwathu kuno, musanaponde n'komwe pakhonde, mumayamba mwaona chidebe chobiriwira cha thobwa ndi beseni la zitumbuwa lovundikira ndi nsalu yoyera. Mwini wake ndi Debora Mbewe, amene ambiri amangomuti amake Lonjezo. Malo akewo ndi pansi pa mtengo wa keshya, moyang'anana ndi windo la chipinda chozengera milandu. Windolo magalasi ake anasweka kalekale ndipo palibe anawabwezeretsa, choncho chilichonse chonenedwa mkatimo chimatulukira pomwepo n'kugwera m'makutu mwa Debora. Wakhala pamenepo zaka khumi ndi zinayi.

Sukulu anailekezera sitandade faifi, ku Chisepo komwe ankakhala ndi azakhali ake. Anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Mponela wokonza njinga, anabereka Lonjezo ndi Takondwa, kenako mwamunayo anakwera basi ya ku Joni. Chaka choyamba ankaimba foni. Chachiwiri anatumiza bulangete limodzi ndi ketulo yamagetsi, kunyumba yopanda magetsi. Chachitatu kunangoti zii. Debora anamanga timitolo take kubwerera kwawo kumapiri, ndipo amene anapita kukamutenga pa ngolo yobwereka anali achimwene ake, a Enoki. Ndi iwo anamudulira munda, ndi iwo anamufolerera nyumba, ndi iwonso anamugulira chidebe choyamba cha thobwa. Ana akewo atate sawadziwa, amadziwa malume.

Pansi pa keshyapo Debora anaphunzira malamulo popanda kutsegula buku. Akamva woweruza akutsokomola kawiri asanawerenge chigamulo, ankadziwiratu kuti munthu wapita. Anamva wakuba mbuzi imodzi akumupatsa zaka zinayi. Anamvanso za bwana wina amene anadya ndalama zokumbira mijigo m'midzi isanu ndi iwiri. Ameneyo fayilo yake inasowa, inapezeka, inasowanso, mpaka mboni ziwiri zinatopa ndi maulendo, yachitatu inamwalira. Lero bwanayo amadutsa pamsewupo akuliza hutala, kupereka moni kwa aliyense.

"Ukafuna kudziwa chigamulo usavutike ndi za mkatimo," ankawauza anzake ogulitsa nawo. "Ungoyang'ana kuti munthuyo wabwera pa chiyani. Wabwera wapansi, abwerera pa galimoto ya boma. Wabwera pa galimoto yake, abwerera pa galimoto yake."

Anthu akumidzi odzaperekeza abale awo akagula thobwa, Debora ankawathiriramo ndi malangizo aulere. "Akakamufunsa, ayankhe chomwe afunsacho basi. Anene kuti n'koyamba. Atchule ana, atchule amasiye, ngati ali ndi chifuwa atsokomole. Akatero atseke pakamwa." Ena zinkawathandiza ndithu, ankatuluka ndi chilango chokasesa pachipatala. Danieli, mesenjala wa pakhotipo, amene sadutsa tsiku osamwa kapu imodzi, ankamuseka kuti ndi loya wa pansi pa keshya.

Munthu mmodzi yekha amene Debora sankamuganizirako kuti angadzafune malangizo akewo anali a Enoki. Iwo ndi mkulu wa mpingo, zaka makumi awiri pa udindowo, munthu wokana ngakhale thobwa likangogona masiku awiri. Amalima chimanga ndi mtedza, amadziwanso ukalipentala. Koma chimene anatchuka nacho m'midzi ya kuseri kwa phiri ndi mabokosi a maliro.

Kumeneko bokosi logula ku Mponela ndi la anthu ogulitsa fodya wambiri, komanso msewu wake mvula ikagwa ngakhale ngolo imakana. Kale maliro a mmphawi akagwa, adzukulu, anthu okumba manda aja, ankazula chitseko cha nyumba ya womwalirayo n'kukhomera bokosi. A Enoki anaona mayi wina wamasiye akugona miyezi itatu ndi chiguduli pakhomo, afisi akuyendayenda pabwalo, ndipo anati ayi, izi zokha ayi. Iwo ndi mnzawo wa paubwana, Andireya, anayamba kulowa m'nkhalango ya boma ya m'phirimo. Pakapita chaka kapena ziwiri ankagwetsa mtengo umodzi, kuucheka ndi sowo wa anthu awiri, wina pamwamba wina m'dzenje. Bokosi ankakhoma ulere. Anamfedwa ankangobweretsa misomali.

Koma matabwa a bokosi susunga pakhomo. Kwathu kuno ukawaunjika kuseri kwa nkhokwe anthu onse ali moyo, mawa wina akangodwala amati ndiwe waitana maliro, unamuyeza kale msinkhu. Ndiye matabwawo ankakhala m'nkhalango momwemo, m'kaphanga kena, ndipo a Enoki ankakatengako sikisi okha mfuu ya maliro ikamveka.

Mu Okutobala chaka chatha mfuu inamveka kwa Andireya, womwalira ali iye mwini. A Enoki sanalire n'komwe, anangotenga njinga ndi zingwe kukwera phiri kukatenga matabwa omaliza amene anacheka ndi mwini maliroyo. Potsika anakumana ndi alonda a nkhalango. Anawapempha kuti, ana anga, ndiperekezeni ndikakhome bokosili, ndikatha mundimange. Alondawo anati zimenezo mukanena kutsogolo. A Enoki anagona m'chitokosi masiku awiri, ndipo Andireya anaikidwa m'bokosi la chitseko cha nyumba yake yomwe. Abusa ndiwo anakawatulutsa pa belo. Mlandu unaikidwa Lachiwiri lina la mu Novembala.

Debora sankadya bwino masabata amenewo. Ankadziwa kuti milandu ya nkhalango inali itawawa, anthu ankapita nayo kundende ngati masewera. A Enoki anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo ali ndi mphumu yoti kukangozizira amapuma ngati mvukuto. Munthu wotero kumugoneka pa simenti, m'chipinda cha anthu odzaza ngati matumba? Chimene Debora ankafuna chinali chimodzi: Lachiwiri limenelo achimwene ake abwerere kwawo ndi miyendo yawo.

Tsikulo a Enoki anafika m'mawa, dzuwa litangotuluka, ali ndi akazi awo a Talandira pambuyo. Debora atangowaona anaika kapu pansi.

"Achimwene, mwavala chiyani?"

"Ndavala zovala."

"Jekete ya Mgonero? Ndinati muvale malaya aja ong'ambika pakhosi. Woweruza akaona jekete aziti munthuyu ali nazo."

"Pamaso pa akuluakulu supita ngati ukupita kudimba."

"Ndawauza, mlamu," anatero a Talandira akukhala pamuzu wa keshya. "Kuyambira kunyumba mpaka pamlatho ndikuwauza. Akuti ndikuwayesa."

Debora anapukuta manja pachitenje. "Chabwino, jeketeyo ikhale. Tiyeni tiyeserere. Ine ndine woweruza. Enoki Mbewe, unapezeka ndi matabwa sikisi a m'nkhalango ya boma. Ukuvomera kapena ukukana?"

"Ndikuvomera."

"Bwino. Uli ndi chodandaula khoti lisanapereke chilango? Apa ndiye munene kuti n'koyamba, ndine wachikulire, ndili ndi mphumu, ndikusamala ana a mlongo wanga ndi amasiye a Andireya."

"Koma Debora, si koyamba."

"Wakufunsani ndani?"

"Iweyo wati ndinene kuti n'koyamba."

"Chabwino, musanene. Wapolisi anena yekha, poti m'mabuku mwawo dzina lanu mulibe. Inu mungokhala duu."

"Munthu azinama m'malo mwanga ine ndili duu?"

"Sakunama! Kwa iwowo koyamba ndi koyamba kugwidwa. Enawo ndi a inu ndi Mulungu wanu."

A Enoki anapukusa mutu pang'onopang'ono, ngati mmene amachitira mwana wa kalasi ya ubatizo akalephera funso. Ndipo Debora anadziwa pomwe panali vuto. Kumpingo kwawo mkhristu akagwa m'tchimo amakaonekera ku seshoni, bwalo la akulu a mpingo. Kumeneko wovomera theka amamubweza kuti akaganize bwino, abwerenso mwezi wamawa. Wokhuthula zonse, ngakhale zimene palibe anaziona, ameneyo amamugwira chanza, amamupempherera, nthawi yake ikakwana amabwerera pa Mgonero. A Enoki anakhala pabwalo limenelo zaka makumi awiri akuuza anyamata ndi atsikana kuti, tulutsa zonse mwana wanga, chotsala m'mimba ndicho chimapha. Bwalo lina m'moyo mwawo anali asanaimepo.

"Kuno si ku seshoni, achimwene."

"Bwalo ndi bwalo."

"Ndagwira mwendo wanu. Ganizirani alamuwa. Ganizirani Takondwa, mayeso ali pafupi. Mvula ili m'mwambamu, mbewu sitinadzale. Lero lokha, pakamwapo pakhale potseka."

A Enoki anamuyang'ana. "Ndamva," anatero.

Asanawafunsenso kuti amva chiyani, fumbi linabuka pamsewu. Zinali galimoto zitatu, yapatsogolo yakuda ya magalasi osaonekera mkati. Anatsikamo bwana Gabriel, mwini wa malo omwetsera mafuta, mashedi a fodya ndi sitolo za matabwa, munthu amene pamisonkhano ya chipani amakhala pampando wa mzere woyamba, mlamu wake ali ndi ofesi yaikulu ku likulu. Zaka ziwiri zapitazo anagwidwa ndi malole atatu odzaza zipika za mlombwa ndi mbawa zochokera m'nkhalango yomweyo. Debora anaumva mlandu umenewo ukuimitsidwa kakhumi ndi katatu. Lero loya wadwala. Lero loya ali ku Blantyre. Lero bwana ali kuchipatala kunja kwa dziko. Ndiye Lachiwiri limeneli, tsiku la achimwene ake, ndi limenenso linali la chigamulo cha bwanayo.

Debora anasiyira mnzake wogulitsa mango chidebe ndi beseni, n'kulowa. M'zaka zonse zija anali asanapondemo. Chipindacho chinali chaching'ono kusiyana ndi mmene ankachiganizira, denga lodontha pakona, mabenchi ogwedera. Woweruza, amene chifuwa chake ankachidziwa ngati cha mwana wake, anali bambo wachinyamata wa magalasi, wooneka wotopa tsiku lisanayambe.

Anayamba ndi mlandu wa bwana Gabriel, chifukwa loya wake anali ndi ulendo wobwerera ku Lilongwe. Khoti linapeza kuti ndi wolakwa. Debora anadzifunsa ngati makutu ake akumva bwino. Kenako loya anaimirira. Anayankhula Chizungu chotalika ngati msewu, womasulira akungotolako apa ndi apo. Akuti bwanawa n'koyamba kupalamula. Akuti ali ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kalata ya dokotala nayi. Akuti analemba ntchito anthu makumi asanu ndi limodzi, akapita kundende mabanja onsewo agona ndi njala. Akuti anapereka malata kusukulu ina. Bwanayo anali atakhala pansi, poti anamupatsa mpando chifukwa cha shugayo, akuyang'ana foni pansi pa tebulo.

Woweruza sanatsokomole. Anati chilango ndi chaka ndi theka, koma sapita kundende: akakhale kunyumba, asapalamulenso kwa chaka chimodzi. Malole abwezedwe, chifukwa ndi a kampani ya akazi awo amene sankadziwa kanthu. Za zipikazo panalibe anafunsa, ndipo ndi bwino kuti sanafunse, poti zinali zitatha kale kusowa chimodzichimodzi kumene ankazisungako.

Amayi amene anabwera pa galimoto yachitatu anayamba nthungululu mpaka Danieli anawaletsa. Kumbuyo kwa Debora bambo wina wachikulire anang'ung'udza kuti, "Khoswe akakhala pamkhate sapheka."

Debora anapsa mtima. Malole atatu! Koma mkwiyowo usanafike pakamwa, ganizo lina linaudutsa. Anatsina a Talandira pantchafu.

"Mlamu, mwamva? Malole atatu, kunyumba. Ndiye matabwa sikisi? Nkhalango yake yomweyo, woweruza wake yemweyo, tsiku lake lomweli. Angachite manyazi. Lero tikadyera kwathu."

Patadutsa milandu ina iwiri, mabenchi atapepuka chifukwa anthu a bwana anali atatuluka, anaitana Enoki Mbewe. Analowa m'kabokosi koimamo oimbidwa mlandu, manja kumbuyo. Mlandu unawerengedwa. Anavomera. Wapolisi woimira boma anafotokoza mwachidule, ndipo anali munthu wabwino ndithu, anatchula kuti matabwawo anali a bokosi la maliro, anatinso m'mabuku mwawo bambowa alibe mbiri yoipa, n'koyamba. Woweruza ankalemba osadzutsa mutu. Zonse zinkayenda ngati mmene Debora anazimvera kambirimbiri pa milandu yothera kukasesa pachipatala.

"Pali chimene mukufuna kunena khoti lisanapereke chilango?"

A Enoki anamanga batani la jekete. Debora atangoona batanilo, anadziwa kuti zavuta.

"Zikomo bwana. Poyamba ndikonzeko pang'ono mawu a bambo apolisiwa. Iwo sakulakwa, sakudziwa. Si koyamba."

Cholembera cha woweruza chinaima.

"Mtengo woyamba tinagwetsa chaka cha njala ija, ine ndi malemu Andireya. Unali mbawa. Anthu ankafa kwambiri chaka chimenecho, unatha msanga. Wachiwiri tinagwetsa patapita chaka."

Debora anatsokomola. Anatsokomolanso mokweza, mpaka anthu anacheuka. A Enoki sanacheuke. Anapitiriza mwadongosolo, mtengo ndi mtengo, chaka ndi chaka, mawu ali phee ngati akuwerenga zolengeza Lamulungu. Anatchula ndi anthu amene anagona m'matabwawo, agogo a uje, mwana wa uje amene anagwa m'chitsime, aphunzitsi aja anamwalira malipiro awo opumira ntchito asanatuluke. Mabokosi makumi anayi ndi atatu.

"Mukuti mitengo ingati yonse?" anafunsa woweruza. Tsopano anali atadzutsa mutu, ndipo ankalemba mofulumira.

"Leveni, bwana. Umodzi unali wouma kale, koma tiuwerengere pomwepo. Palinso mabenchi awiri a kutchalitchi, ndisabise. Mipini ya makasu ndiye sindingawerenge."

Anthu anaseka. Ngakhale wapolisi uja anaphimba pakamwa ndi fayilo. A Talandira anali atafunda chitenje kumutu. Debora ankayembekezabe kuti mwina atchula mphumu, mwina atchula amasiye, chimodzi chokha mwa zimene anawaphunzitsa. Ayi ndithu.

"Ndatulutsa zonse, bwana. Palibe chatsala. Ndinalakwira boma, ndikupepesa."

Anaweramitsa mutu n'kuima chomwecho, nkhope ili yopepuka, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Debora anadziwa chimene ankadikira. Ankadikira kuti wina anene kuti tiyeni tipemphere.

Woweruza anatsokomola kawiri.

Anati nkhalango zikutha. Anati mitsinje ikuuma, mvula ikubwera mwa njomba, ndipo vuto ndi anthu osamva ngati awa. Anati woimbidwa mlandu wavomera ndi pakamwa pake kuti ndi chizolowezi cha zaka zoposa makumi awiri, choncho khoti silingamuone ngati munthu wongoterereka kamodzi. Anati munthu wa udindo mumpingo amayenera kukhala chitsanzo. Anati pofuna kuti ena atengerepo phunziro, akagwire ukaidi zaka ziwiri, popanda za chindapusa, ndipo njinga ndi matabwa zikhale za boma.

Debora sakumbukira kuti anaimirira bwanji. Mayi amene zaka khumi ndi zinayi ankauza anthu kuti azitseka pakamwa anangozindikira mawu ake ali m'denga.

"Phunziro lake liti, bwana? Phunziro tatenga kale m'mawa muja tonse tili pompano! Mitengo leveni pa zaka makumi awiri ndi malole atatu pa tsiku limodzi, chachikulu n'chiti? Kapena analakwa kunyamulira panjinga? Akanabwereka lole?"

Woweruza anamenya patebulo. Danieli anali atamugwira kale pamkono.

"Amake Lonjezo, tiyeni. Tiyeni, mayi. Mukufuna mukagone limodzi ndi achimwene anu?"

"Ndisiye, Danieli! Ndingofunsa. Mitsinje imauma ndi njinga yokha? Lole ikadutsa imasefukira?"

"Mufunsira panja. Chonde, ntchito yanga."

Panja dzuwa linali pamutu. Galimoto zitatu zija kunalibe, panangotsala mabotolo a zakumwa pomwe zinaima. Danieli anamukhazika pamwala, anathamangira mkati, ndipo atabwerako anati woweruza wanena kuti ulendo uno wamukhululukira, koma asadzalowenso. Debora anaseka kuseka koipa.

"Wandikhululukira. Ee, lero ndi tsiku lokhululuka. Wangodumpha munthu mmodzi."

"Pali apilo," anatero Danieli motsitsa mawu. "Mafayilo otere amapita kwa akuluakulu ku Lilongwe, amakawaonanso. Nthawi zina amachepetsa."

"Liti?"

Danieli anakanda kumutu. "Zimatengera."

"Ndikufunsa liti, Danieli. Ine mafayilo ndimawadziwa. A anthu ena amasowa, a anthu ena amagona. Akadzaiona fayiloyo munthu atatha kale zaka zakezo, adzamubwezera chiyani?"

Danieli anangomulozera kuseri kwa khoti, kumene kuli kachipinda kosungiramo ogamulidwa podikira galimoto ya ndende.

A Enoki anali ataima pa kawindo ka zitsulo, jekete atavula n'kuipinda bwinobwino. Anaipereka kwa akazi awo kudzera m'zitsulomo. Debora anabwera ndi mawu okwana dengu. Anali atawakonza kuyambira pamwala paja, oti ndinakuuzani, oti mwaona tsopano, oti bwalo ndi bwalo lanu lija ndi limeneli. Koma atawaona ali ndi malaya okha, kolala ya malayawo itakula kuposa khosi, mawuwo anakanirira.

"Debora," anatero a Enoki, ndipo mawu awo anali a munthu wodabwa, osati wokwiya. "Kodi bwanayu sanamve kuti ndatulutsa zonse?"

"Anamva, achimwene. Analemba."

"Nanga uja wa malole anatulutsa zingati?"

"Sanatsegule pakamwa. Analipira munthu womutsegulira."

A Enoki anatembenuka n'kuyamba kuwauza akazi awo za mbewu, kuti ya chimanga ili m'chigubu padenga, ayambe munda wakumtunda chifukwa wakumunsi umachedwa kuuma, ndipo akawauze abusa kuti Lamulungu likubwerali anali pa ndandanda wolalikira, apeze wina. Ali mkati moyankhula mpweya unayamba kulira m'chifuwa. A Talandira anamasula mfundo ya pachitenje n'kutulutsa kabotolo ka mapiritsi.

"Zimenezo ayi," anatero msilikali wa ndende amene anaima pakhomo.

"Ndi a mphumu, bambo," anatero Debora. "Mukumva nokha mmene akupumiramo."

"Ndikumva, mayi. Koma mankhwala salowa popanda kalata ya kuchipatala. Tidziwa bwanji kuti ndi mankhwala? Bweretsani kalata ya dokotala yodinda, mudzapereke kugeti."

"Kalata ya dokotala," anabwereza Debora. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi. "Mwana wanga, amwe limodzi lokha pompano iwe ukuona."

Msilikaliyo anayang'ana uku ndi uku, n'kutembenuka ngati akuwerenga chinachake pakhoma. A Enoki anameza piritsi limodzi popanda madzi. Kabotolo kanabwerera m'manja mwa a Talandira.

Galimoto ya ndende inabwera itadutsa thu koloko. Anawakweza anthu asanu ndi awiri, awiriawiri pa unyolo, a Enoki atamangidwa limodzi ndi mnyamata wakuba mbuzi amene anamudziwa, poti anamuphunzitsapo kalasi ya ubatizo. Pokwera anamuthandiza ndi mnyamatayo. Sanakweze dzanja kutsanzika chifukwa dzanjalo silinali lawo lokha.

Amayi awiriwo anaima mpaka fumbi linatha. Kumapiri mitambo inali itada, mphepo ikununkha mvula. A Talandira anakumbatira jekete pachifuwa.

"Mlamu," anatero, "mundiuze zoona, inu mumazidziwa za pano. Akanakhala chete muja munawauzira, akanatuluka?"

Debora anatsegula pakamwa kuti anene kuti ee. Akanakonda kunena kuti ee, chifukwa kukwiyira achimwene ake kunali kopepuka, ndi munthu woti ukhoza kumukalipira n'kumutumizira chakudya tsiku lomwelo. Koma anayamba kuwerenga m'mutu anthu amene anamvera malangizo ake bwinobwino, anavala zong'ambika, anatchula amasiye, anatseka pakamwa. Ena anakasesa pachipatala, ee. Koma ambiri ndithu anakwera galimoto yomweyo.

"Mwina akanawapatsa chaka chimodzi," anatero. "Mwina miyezi sikisi. Mwina akanatuluka. Sindikudziwa, mlamu. M'mawa muja ndimayesa ndikudziwa."

A Talandira anagwedeza mutu, misozi ikugwera pa jekete.

"Buku lawo la kuchipatala mwabwera nalo?" anafunsa Debora.

"Lili m'thumba la jeketemu. Analiika okha."

"Analiika okha, koma osalitulutsa pamaso pa woweruza." Debora anapuma mozama, anamanga chitenje mwamphamvu. "Tiyeni. Kuchipatala mzere umakhala wautali, ndipo wodinda makalata amaweruka folo koloko. Tikachedwa agona usiku uno ndi piritsi limodzi."